MAPU A KOLERA MU LUSAKA: AKATSWIRI A ZAMBIA NDI AKUNJA AJAMBULA NJIRA ZA MATENDA

LUSAKA — Mvula itayamba kumapeto kwa Novembala caka ca 2003, matenda a kolera anabuka mu mzinda wa Lusaka. Pofika mu Juni 2004 anthu 6,542 anali atadwala, ndipo 187 mwa iwo anali atamwalira. Odwala onsewa analembedwa m'mabuku a m'zipatala, koma mabukuwo, ngakhale anadzaza, sanathe kuyankha funso limene linali pakamwa pa anthu: n'cifukwa ninji nthendayi inali kugwetsa anthu ambiri mbali imodzi ya komboni pamene mbali ina ya komboni yomweyo inali kupulumuka?

Yankho linayamba kuoneka pamene akuluakulu a zaumoyo a m'boma la Lusaka anagwirizana ndi akatswiri ocokera ku Japan, natenga ziwerengero za m'mabukuzo ndi kuziika pa mapu. Kucokera nthawi imeneyo nchito yosandutsa ziwerengero kukhala zithunzi zooneka ndi maso yakula ndithu, ndipo Lusaka wasanduka bwalo limene akatswiri a dziko lino amakumanapo ndi anzao a ku Japan, Germany, Britain, Norway ndi America. Nkhaniyi iwakhudzanso anthu a kumidzi, pakuti ziwerengero zambiri zimene amajambula ku Lusaka zimayambira pa khomo la munthu wa kumudzi, ndiponso cifukwa matenda a mu mzinda amakwera basi limodzi ndi anthu.

KHADI LA KU SIKELO

Mai aliyense amene anapitapo ndi mwana ku sikelo aidziwa kale nzeru imeneyi. Mwana akapimidwa, namwino amaika kadontho pa khadi. Mwezi wotsatira amaika kena, ndipo timadonthoto tikalumikizidwa timapanga mzere. Mzerewo ukamakwera ndiye kuti mwana ali kukula bwino. Ukagona kapena kuyamba kutsika ndiye kuti pali bvuto, ngakhale mwanayo akhale ali kusewera ndi anzake pabwalo. Mai amene sanapite patali ndi sukulu amauona mzerewo naumvetsa nthawi yomweyo, pamene mndandanda wa makilogalamu ukanangomuzunguza mutu. Khadi la mtundu uwu linakonzedwa ndi dokotala wa ana wa ku Britain, David Morley, pamene anali kugwira nchito m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 linafalikira m'maiko ambiri.

Cimene akatswiri a ku Lusaka amacita n'cimodzimodzi, kungoti iwo amajambula za mzinda wonse kapena dziko lonse. Pa mapu, kadontho kalikonse kamaimira wodwala mmodzi. Nthawi zina amapaka dera lililonse mtundu wake, kotero kuti kumene odwala ali ambiri kumafiira ndipo kumene ali ocepa kumayera. Nthawi zinanso amaimika timizati, kamodzi ka mlungu uliwonse, ndipo kutalika kwa kamzati kumaonetsa kuculuka kwa odwala mlungu umenewo. Woyang'ana amaona msanga kumene nthenda yakhazikika, ndiponso ngati ili kukula kapena kuzirala.

CITSIME CA KU LONDON

Njira imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 500 m'masiku khumi okha m'dera la Soho mu mzinda wa London. Pa nthawi imeneyo ambiri anali kukhulupirira kuti nthendayi imayenda ndi mpweya wonunkha, koma Dokotala John Snow anakayikira madzi. Iye anafufuza nyumba zimene munagwa maliro, napeza kuti zambiri zinali pafupi ndi citsime ca pampu ca mu mseu wa Broad Street. Akulu a deralo anacotsa cogwirira ca pampuyo kuti anthu aleke kutungapo, ndipo pambuyo pake Snow anasindikiza mapu oonetsa maliro onsewo ataunjikana mozungulira citsimeco.

Snow sanagwire nchitoyo yekha. Mbusa wa chalichi ca m'deralo, Henry Whitehead, amene anali kudziwa mabanja khomo ndi khomo, poyamba anatsutsana naye. Atayendera nyumbazo anatsimikiza kuti dokotalayo ananena zoona, ndipo ndiye anapeza nyumba imene dzenje lake la zonyansa linali kudonthera m'citsime. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti wodziwa kujambula amafuna mnzake wodziwa makomo.

KOMBONI YA GEORGE

Ku Lusaka mgwirizano wotere unacitikira mu komboni ya George. Kuyambira mu 1997 bungwe la Boma la Japan lothandiza maiko ena, lochedwa JICA, linali kugwira nchito pamodzi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka pa zosamalira umoyo wa anthu m'makomboni. Kolera ya 2003 itabuka, a Satoshi Sasaki ndi Profesa Hiroshi Suzuki a ku Yunivesite ya Niigata, pamodzi ndi Dokotala Bushimbwa Tambatamba ndi anzao a ku Lusaka, anaika odwala pa mapu a komboniyo. Anayang'ananso nyumba zopanda zimbudzi ndi malo opanda ngalande zotaya madzi a mvula. Atayerekeza zonsezi anapeza kuti kumene kunalibe zimbudzi ndi ngalande n'kumenenso odwala anali oculuka.

Kenaka anatenga odwala ena ndi kuwayerekeza ndi anthu ofanana nao amene sanadwale, kuti aone kusiyana kwa kakhalidwe kao ka pakhomo. Anapeza kuti kuthira klorini m'madzi akumwa ndi kusamba m'manja ndi sopo kunachinjiriza anthu. Zotsatira zimenezi zinasindikizidwa mu 1 mwa magazini a madokotala a ku America mu 2008.

Kolera itabweranso m'nyengo ya mvula ya 2005 mpaka 2006, inadwalitsa anthu 6,045. Ulendo uno ofufuzawo anagwiritsa nchito kacipangizo ka m'manja ka GPS, kamene kamauza munthu malo enieni amene waima pa dziko, ndipo malo a odwala 2,590 anaikidwa pa mapu a mzinda wonse. Atayerekeza mapuwo ndi kagwedwe ka mvula komanso ngalande za mu mzinda, analengeza mu 2009 kuti mvula ikaculuka kolera imatsatira, ndi kuti madera osowa ngalande zokwanira ndiwo amabvutika koposa.

MBIRI YA MZINDA IONEKERA PA MAPU

Munthu woona mapu a kolera a Lusaka a zaka zosiyanasiyana amapeza cinthu cimodzi cobwerezabwereza. Madontho amaunjikana m'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi George, pamene ku Kabulonga ndi ku Woodlands amangooneka apo ndi apo. Sikuti anthu a ku Kabulonga ali ndi magazi ena ai. Cifukwa cake cili m'mbiri ya mzindawu.

Pamene Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda anasankha malo okwera a kum'mawa kwa njanji kuti amangeko maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu, nawakonzera miseu, mipopi ndi mifolo. Anchito acikuda anapatsidwa malo monga Kabwata, kumene anawamangira nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, ndipo zina mwa izo zinasungidwa pa mudzi wa zacikhalidwe wa ku Kabwata. M'kupita kwa nthawi madera monga Kabwata ndi Chelstone anakhala ndi nyumba zomangidwa mwa dongosolo, za madzi a m'mipopi. Koma dziko litalandira ufulu mu 1964 anthu anakhamukira ku Lusaka kufuna nchito, ndipo nyumba zotere sizinakwane. Kalembera wa 1969 anapeza anthu pafupifupi 262,000 mu mzindawu, pamene wa 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni. Ambiri anadzimangira okha m'malo otsika, pafupi ndi maenje okumbamo miyala ndi m'mafamu akale, kotero kuti anthu pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse a mu Lusaka amakhala m'makomboni otere.

Palinso bvuto lina limene maso saona. Pansi pa mbali yaikulu ya mzindawu pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo dothi la pamwamba pake n'locepa. Madzi a mvula amalowa m'ming'alumo osasefedwa, ndipo m'nyengo ya dzinja amakwera mpaka kufupi ndi pamwamba. Pamenepo cimbudzi ca dzenje ndi citsime cosazama, ngakhale pamwamba zioneke zotalikirana, pansi zimakumana. Akatswiri a miyala ndi madzi a ku Germany, a bungwe la BGR, pamodzi ndi a dipatimenti ya madzi ya Boma la Zambia, anajambula mapu oonetsa madera a Lusaka kumene madzi a pansi amaipitsidwa mosabvuta. Woika mapu amenewa pambali pa mapu a kolera amamvetsa cifukwa cake Kanyama amachulidwa kawirikawiri mvula ikagwa.

MLIRI WA 2017

Pa 6 Okutobala 2017 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti kolera yabukanso. Inayambira mu komboni ya Chipata, imene ili mu Lusaka momwemo osati tauni ya Chipata ya ku cigawo ca Kum'mawa, ndipo posacedwa inafika ku Kanyama. Pofika mu Meyi 2018 anthu 5,414 anali atadwala mu Lusaka ndipo 98 anali atamwalira. Bungwe la Boma loyang'anira miliri, la Zambia National Public Health Institute, linagwira nchito ndi akatswiri a World Health Organization ndi a CDC a ku America, ndipo ziwerengero za tsiku ndi tsiku zinali kujambulidwa kuti akulu aone kumene nthenda yalowera. M'madera amene anafiira pa mapu munaimikidwa matanki a madzi abwino, zitsime zosazama zinakwiriridwa, ndipo mu Januwale 2018 anthu analandira katemera wa kumwa. Malonda a m'miseu ya pakati pa mzinda analetsedwa, asilikali anatuluka kukasesa misika, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa.

Mliriwo utatha, akatswiri a bungwe la kafukufuku la CIDRZ la ku Lusaka ndi a Yunivesite ya Johns Hopkins ya ku America anasonkhanitsa ziwerengero za kolera za dziko lonse za zaka khumi, kuyambira 2008 mpaka 2017, nazijambula boma ndi boma. Mapu ao, amene anatuluka mu 2020, anaonetsa kuti nthendayi imabwerera m'malo omwewo, makamaka ku Lusaka ndi m'maboma a m'mbali mwa nyanja za Mweru ndi Tanganyika. Katemera sakwanira munthu aliyense, motero mapu otere amathandiza Boma kudziwa koyambira.

KUWERENGA NYUMBA KUCOKERA KUMWAMBA

Madontho okha angathe kunamiza munthu ngati sadziwa kuculuka kwa anthu okhala m'deralo. Odwala 50 pakati pa anthu 1,000 ndi mliri woopsa, koma odwala 50 pakati pa anthu 50,000 ndi nkhani ina. Makomboni amakula msanga kuposa mapu osungidwa ku dipatimenti yoyeza malo ku Mulungushi House, ndipo kalembera amacitika kamodzi pa zaka khumi kapena kuposerapo.

Pofuna kutseka mpata umenewu, kuyambira mu 2018 Boma linalowa mu mgwirizano wochedwa GRID3, umene unaphatikiza akatswiri a ku Yunivesite ya Columbia ku New York, a ku Yunivesite ya Southampton ku Britain ndi bungwe la United Nations loona za ciwerengero ca anthu. Iwo amatenga zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti mlengalenga, amazindikira madenga a nyumba, nayerekeza anthu okhala pa kadera kalikonse, ndiponso amaika midzi, masukulu ndi zipatala pa malo ake enieni. Mu 2021 bungwe lojambula mapu la ku Britain, la Ordnance Survey, mogwirizana ndi Unduna wa Maboma Aang'ono, linaphunzitsa kompyuta kuzindikira nyumba ndi miseu pa zithunzi za mumlengalenga, ndipo linatulutsa mapu atsopano a Lusaka a dera la masikweya kilomita 420. Kalembera wa 2022, amene anapeza kuti Zambia ili ndi anthu oposa 19 miliyoni, ndiye anali woyamba kulembedwa pa makina a m'manja m'malo mwa mapepala.

ZA KUMIDZI ZIFIKA KU CHAINAMA

Munthu wocokera ku Petauke, Katete kapena Chipata akamalowa mu Lusaka pa mseu wa Great East amadutsa Chelstone, kenaka Chainama. Ku Chainama kuli likulu la Boma lolimbana ndi malungo, ndipo kumeneko n'kumene ziwerengero za kumidzi zimasanduka zithunzi. Wothandiza zaumoyo wa m'mudzi akapima anthu magazi, ciwerengero ca opezeka ndi malungo cimatumizidwa pa foni kupita mu nkhokwe ya pa kompyuta yochedwa DHIS2, imene inakonzedwa ndi Yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo imagwiritsidwa nchito m'maiko ambiri. Mu 2015 bungwe la PATH ndi la Tableau Foundation, onse a ku Seattle ku America, anayamba kuthandiza Unduna wa Zaumoyo kujambula ziwerengero zimenezi, kuyambira ku cigawo ca Kum'mwera, kuti mkulu wa zaumoyo wa pa boma aone cipatala cimene odwala akwera ndi cimene caleka kutumiza malipoti.

Mafumu naonso anailawa nzeruyi. Pa nchito yolimbikitsa zimbudzi m'midzi, imene Boma linacita ndi UNICEF ndi bungwe la Akros la ku Lusaka, makomiti a m'midzi anali kulemba makomo okhala ndi zimbudzi, ziwerengerozo n'kutumizidwa pa foni, ndipo mafumu anali kuona pa makina a m'manja midzi imene ili patsogolo ndi imene yatsalira. Mfumu inali kudziwa nyakwawa woyenera kumuyamikira ndi woyenera kumuitana. Mu 2015 boma la Chienge ku Luapula linakhala loyamba m'dziko lino kulengezedwa kuti anthu ake aleka kudzithandiza kuchire.

MLENDO NDI MAME

Akulu akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nchito imeneyi mwambiwu waoneka kukhala woona. Makompyuta, zithunzi za setilaiti ndi ndalama zambiri zinacokera kunja. Koma akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Nchito ya alendo ili ndi caka coyambira ndi caka cothera, ndipo ngati pocoka sasiya anthu a m'dziko odziwa kujambula ndi kumasulira mapuwo, zonse zimafota. N'cifukwa cake kuphunzitsa ana a dziko lino, ku Yunivesite ya Zambia ndi m'maofesi a zaumoyo a m'maboma, kuli kofunika mofanana ndi mapu enieniwo.

Mbali ya eni dziko si yaing'ono. Setilaiti imaona denga, koma sidziwa ngati pansi pake pagona anthu, mbuzi kapena cimanga, ndiponso sidziwa dzina la mudzi. Odziwa zimenezi ndi anyakwawa, anamwino ndi othandiza zaumoyo a m'midzi. Palinso nkhani ya cinsinsi, pakuti kadontho ka pa mapu ndi khomo la munthu, ndipo nkosayenera kuti banja lilozedwe zala cifukwa ca matenda. Lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la 2013 limafuna kuti ofufuza, a kuno ndi akunja omwe, ayambe alandira cilolezo, ndipo lamulo la 2021 limateteza nkhani za munthu payekha kuti zisagwiritsidwe nchito mwacisawawa.

MAPU SAKUMBA NGALANDE

Cimene mapu a ku George anaonetsa cinacitidwa pang'ono cabe. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la Boma la America la madola pafupifupi 355 miliyoni, mu Lusaka munayalidwa mipopi ya madzi ndi ya zonyansa m'madera ena, ndipo ngalande yaikulu ya Bombay, imene imacotsa madzi a mvula pakati pa mzinda kupita nao ku mtsinje wa Ngwerere, inamangidwanso. Koma makomboni ambiri anatsalira. Mu Okutobala 2023 kolera inabukanso, ndipo pofika pakati pa 2024 inali itadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lino ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Colinga cothetsa malungo pofika 2021 naconso sicinakwaniritsidwe. Mapu amaloza pamene pali bvuto, koma kukumba ngalande ndi kuyala mipopi kumafuna ndalama, manja ndi kulimba mtima kwa atsogoleri.

Pa mliri wa 2023 mpaka 2024 anthu ambiri anafera kunyumba kapena pa njira asanafike ku cipatala. Wodwala wobisika saoneka pa mapu, ndipo dera lake limaoneka loyera pamene nthenda ili kufalikira. Anthu a kumidzi asaganize kuti zimenezi n'za mu tauni mokha. Mlimi wogulitsa tomato kapena nshawa ku msika wa Soweto amadya ndi kumwa komweko, mawa lake n'kukwera basi kubwerera kwao, ndipo mu Januwale 2023 kolera inaoneka ku Vubwi, kumalire ndi Malawi ndi Mozambique.

Motero banja lililonse lili ndi gawo lake. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi ooneka ngati otsukira mpunga, apatsidwe madzi a moyo nthawi yomweyo ndipo athamangire naye ku cipatala, kuti iye acire ndiponso kuti a zaumoyo adziwe mudzi umene nthenda yafika. Madzi akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe, m'manja musambidwe ndi sopo pocokera ku cimbudzi ndiponso asanadye, ndipo cimbudzi cikumbidwe kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30. Alembi a kalembera ndi othandiza zaumoyo akafika pakhomo, auzidwe zoona za ciwerengero ca anthu, odwala ndi zimbudzi, pakuti mankhwala, maukonde ochinga udzudzu ndi katemera amagawidwa potsata ziwerengero zomwezo, ndipo mudzi umene sunalembedwe bwino umalandira zocepa.